Kagalasi kosinthika ka m'diso: kodi wodwala ng'ala adikire?

Kuno ku Kasungu, Malichi ndi Epulo akafika ntchito imasamuka kumunda n'kulowa m'zigafa. Fodya wauma, yatsala ntchito yosankha. Aliyense amene anaigwirapo ntchitoyi akudziwa kuti manja amangothandizira. Manja amamva kukhuthala kwa tsamba, koma zoti ili ndi lofiira, ili ndi lowala, ili lili ndi mawanga, zimafuna diso.

M'dera limene ndimayendera ngati mlangizi wa zaumoyo muli agogo ena aamuna amene kale anthu ankachita kuwabwereka kuti akawasankhire fodya. Chaka chatha mabelo awo awiri anabwezedwa ku okushoni chifukwa chosakaniza magiredi. Nditapita kukawaona ndinawapeza ali pakhonde, mdzukulu wawo wa sitandade 5 ali pambali. Mwanayu sanapite kusukulu tsikulo, poti ndiye amawagwira dzanja kupita nawo kuchimbudzi ndi kumunda. Nditawaunika ndi tochi ndinaona kuti mwana wa diso lakumanja wayera ngati mkaka, ndipo lakumanzere nalo layamba kuchita chifunga.

"Agogo, iyitu ndi ng'ala. Bwanji osapita kuchipatala?"

"Ndikudziwa mwana wanga," anandiyankha. "Koma mnyamata wanga wa ku Joni anati ndisathamange. Akuti kunja kwabwera galasi lamakono limene amatha kulikonza lili m'diso momwemo. La kuno akuti akaika aika, likalakwika ndiye basi. Ndiye ndikudikira apeze ndalama."

Anali atadikira nyengo ziwiri za fodya.

Mwana wawoyo sananame ayi. Kagalasi kameneka kalipodi, ndipo iye anakaona pa foni. Kuchokera nthawi imeneyo mabanja ena awiri andifunsanso funso lomweli. Choncho ndaganiza zoti tikambirane pa tsamba lino kuti kagalasika ndi kotani, kamagwira ntchito bwanji, ndiponso ngati munthu wa ng'ala wa ku Santhe, ku Chamama kapena ku Chulu ayenera kukadikira.

Kodi ng'ala ndi chiyani?

M'kati mwa diso, kuseri kwa mwana wa diso, muli kagalasi kachilengedwe kamene tonse timabadwa nako. Ndi koonekera ngati madzi oyera. Ntchito yake ndi kusonkhanitsa kuwala kuti chithunzi chikagwe bwino pa kansalu ka kumbuyo kwa diso, kamene achipatala amakatcha retina. Munthu akamakula, kagalasika kamayamba kuderera pang'onopang'ono mpaka kuchita mbuu. Imeneyo ndiye ng'ala.

Imayamba mwakachetechete, popanda ululu. Munthu amaona ngati kunja kuli utsi. Dzuwa likawala kwambiri kapena galimoto ikamuunika usiku amathobwa m'maso. Mitundu imazilala, n'chifukwa chake wosankha fodya ndi mayi wosankha nyemba amaizindikira msanga kuposa ena. Mapeto ake munthu amangosiyanitsa usana ndi usiku basi.

Chimene chimabweretsa ng'ala kwambiri ndi ukalamba. Koma imabwera msanga kwa anthu odwala shuga, osuta fodya, amene anavulalapo m'diso, amene diso lawo linatupapo m'kati, ndiponso amene amwa mankhwala monga prednisolone kwa nthawi yaitali. Kukhala pa dzuwa zaka zambiri kumaonjezeranso. Ana ena amabadwa nayo, ndipo mwana wotere ayenera kuthamangitsidwa kuchipatala osadikira kuti akule. Ng'ala siyopatsirana ndipo si ufiti. Kafukufuku amene anachitika m'maboma ena a kuchigawo cha kummwera, yemwe zotsatira zake zinatuluka mu 2011, anapeza kuti mwa anthu osaona a zaka 50 kupita m'tsogolo, pafupifupi theka anali osaona chifukwa cha ng'ala.

Apa ndichenjezeko pang'ono. Pa Chichewa chathu chilichonse choyera m'diso timangoti ng'ala, pamene matendawa ndi osiyana. Chipsera cha pamwamba pa diso, chimene chimatsala munthu akabayidwa ndi chiputu kapena akathira mankhwala azitsamba, si ng'ala imene tikunena pano. Kachotupa kotuwa kamene kamamera pa mbali yoyera ya diso nakonso ndi kena. Nthawi zina imakhala khansa, ndipo imapezeka kawirikawiri kwa anzathu amene ali ndi kachirombo ka HIV. Komanso munthu amene chitetezo chake chatsika kwambiri akayamba kuona timadontho toyandama ndipo maso akuchita mdima m'masiku ochepa, asaganize kuti ndi ng'ala yoti idikire. Apite kuchipatala tsiku lomwelo. Wodziwa kusiyanitsa zonsezi ndi dokotala wa maso.

Palibe mankhwala odontheza, akumwa, kapena azitsamba amene amasungunula ng'ala. Chithandizo chake ndi opaleshoni yokha.

Zimene zimachitika pa opaleshoni

Mau oti opaleshoni ndi amene amathawitsa anthu ambiri. Ndamvapo ena akunena kuti amatulutsa diso n'kulitsuka m'mbale, ena akuti amaika diso la mbuzi. Zonsezi ndi zabodza. Diso silichoka pamalo pake. Munthu sagonekedwa tulo. Amangopha dzanzi diso lokhalo. Dokotala amacheka kampata kakang'ono m'mbali mwa diso, amatulutsa kagalasi koderera kaja, n'kuika kena kopangidwa kufakitale m'kathumba momwe munali kakale. Ntchito yonseyi kawirikawiri siposa mphindi 30. Amamata diso, ndipo m'mawa mwake akamatula anthu ambiri amayamba kuona.

Agogo athu ena akukumbukira nthawi imene kagalasi koika m'diso kanali kasanafike kuno. Ng'ala ankaichotsa ndithu, koma m'malo mwake munthu ankapatsidwa magalasi ovala okhuthala ngati pansi pa botolo. Akasweka kapena kutayika, munthu ankabwerera kukhala ngati wosaona. Mwina ndi kumene kunachokera mbiri yoti opaleshoni ya maso sithandiza.

Nzeru yoika kagalasi m'diso inayamba ndi dokotala wa ku England dzina lake Harold Ridley. Pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, iye anaona kuti oyendetsa ndege za nkhondo amene tizidutswa ta pulasitiki wa pa ndege tinawalowa m'maso, maso awo sankatupa nato monga amachitira ndi zinthu zina. Anapangitsa kagalasi kuchokera ku pulasitiki wa mtundu womwewo, ndipo pa 29 Novembala 1949 anachita opaleshoni yoyamba yotere pa chipatala cha St Thomas' ku London. Madokotala anzake ambiri anamutsutsa kwa zaka zambiri, koma lero njira yakeyo ndi imene dziko lonse likutsata.

Kwa nthawi yaitali timagalasiti tinali todula kwambiri, moti maiko osauka sankatikwanitsa. Zinthu zinasintha mu 1992 pamene fakitale ya Aurolab inatsegulidwa ku Madurai m'dziko la India, ndiponso pamene bungwe la Fred Hollows linatsegula mafakitale ena ku Eritrea ndi ku Nepal m'zaka zomwezo za m'ma 1990. Mtengo wa kagalasi kamodzi unatsika kuchoka pa madola oposa 100 kufika pa madola osakwana 10. Ichi ndicho chinachititsa kuti mlimi wamba wa ku Malawi athe kuikidwa kagalasi m'diso. Kagalasika sikachita dzimbiri, sikafuna kusinthidwa, munthu amakhala nako moyo wake wonse.

Kuno kwathu opaleshoni ya ng'ala imachitika pa chipatala cha maso cha Lions Sight First chimene chili pa Kamuzu Central ku Lilongwe, chinzake cha pa Queen Elizabeth ku Blantyre, pa Mzuzu Central, pa Zomba Central, komanso pa chipatala cha mishoni cha Nkhoma chimene chimadziwika kwambiri pa nkhani ya maso. Nthawi zina madokotala a maso amabwera kudzachitira opaleshoni m'zipatala za m'maboma. Poyambira pake kwa ife ndi kwa ogwira ntchito za maso pa chipatala chathu chachikulu cha pa Kasungu, amene amapima n'kukuuzani kopita ndi tsiku lake.

Pamene mwana wa agogo aja ananena zoona

Timagalasi toika m'diso tili ndi masaizi ngati nsapato. Mphamvu yake imalembedwa ndi nambala, ndipo anthu ambiri yawo imakhala cha m'ma 20 mpaka 22, koma ena amafuna yotsika kwambiri, ena yokwera kwambiri. Kuti adziwe nambala yanu, achipatala amayeza zinthu ziwiri opaleshoni isanachitike: kutalika kwa diso kuchoka kutsogolo kufika kumbuyo, ndi kupindika kwa chigamba choonekera cha pamwamba pa diso. Diso la munthu wamkulu limatalika mamilimita 23 kapena 24. Kulakwitsa ndi milimita imodzi yokha kungachititse kuti munthu azingoona zinthu mosayera mpaka atavala magalasi. Kumene kulibe makina oyezera, madokotala amaika kagalasi ka mphamvu yapakatikati, kamene kamakwanira ambiri koma osati onse.

Ngakhale atayeza bwino, diso likamapola kagalasi kamatha kukhazikika patsogolo pang'ono kapena pambuyo pang'ono kusiyana ndi pamene dokotala amayembekeza. Palinso anthu amene diso lawo silinabulungire ngati mpira, linachita ngati dzira, moti chithunzi chimapotoka. Kagalasi wamba kakalowa, mphamvu yake sisinthanso. Apa ndiye panagona nkhawa ya mnyamata wa ku Joni uja.

Chimene iye sanauzidwe n'chakuti kaphonyedwe kameneka kamakonzedwa ndi magalasi ovala wamba, aja opepuka amene aphunzitsi ndi abusa amavala. Kagalasi kosinthika anakapanga pofuna kuthandiza anthu amene safuna kuvala magalasi n'komwe akatha opaleshoni.

Mmene kagalasi kosinthika kamagwirira ntchito

Dzina lake ndi Light Adjustable Lens, kutanthauza kagalasi kosinthidwa ndi kuwala. Kamapangidwa ndi kampani ya RxSight ya ku California m'dziko la America. Amene anayambitsa nzeruyi ndi dokotala wa maso Daniel Schwartz mogwirizana ndi katswiri wa sayansi Robert Grubbs, yemwe analandira mphoto ya Nobel mu 2005 pa ntchito ina. Bungwe loona za mankhwala ku America la FDA linakavomereza mu Novembala 2017.

Kagalasika ndi ka mphira wofewa woonekera, ndipo m'kati mwake muli tizinthu ting'onoting'ono timene timaundana tikaombedwa ndi kuwala kwa mtundu wa UV. Kuwala kumeneku kumapezekanso m'dzuwa, ngakhale maso athu sakuona. Opaleshoni yochotsa ng'ala imachitika monga mwa nthawi zonse. Pakatha masabata awiri kapena atatu, diso litapola, amamuyeza munthu kuti aone mmene akuonera. Kenaka amamudonthezera mankhwala otanula mwana wa diso, amamukhazika pa makina apadera, ndipo makinawo amawalitsa pa kagalasi kaja kwa mphindi imodzi ndi theka kapena kuyandikira apo. Akawalitsa pakati, tizinthu ta pakatipo timaundana, tina totsala timasendera komweko, pakati pamafufuma ndipo mphamvu ya kagalasi imakwera. Akawalitsa m'mbali, pakati pamaphwa ndipo mphamvu imatsika. Sachekanso diso.

Munthu amapita kunyumba, amakayesa masiku angapo, n'kubwerera kukanena ngati wakhutira. Atha kusintha motere mpaka katatu. Ena amasankha kuti diso limodzi lizionera patali, linalo pafupi. Akakhutira, amawalitsa kagalasi konse kuti tizinthu tonse totsala tiume, ndipo kuyambira pamenepo sikasinthanso. Zili ngati mbiya: ikadali yaiwisi woumba atha kuikonza kukamwa, koma ikaotchedwa yatha.

Nzeruyi ndi yogometsa, ndipo ine nditaimva koyamba ndinachita nayo chidwi. Koma pali zambiri zimene kanema wa pa foni sanena.

Zimene sizinaoneke pa foni

Choyamba ndi dzuwa. Popeza kagalasika kamasintha ndi kuwala kwa UV, dzuwa nalo litha kukasintha mosalongosoka kasanaumitsidwe. Choncho wodwala amapatsidwa magalasi apadera otchinga, oti azivala nthawi yonse imene ali maso, panja ndi m'nyumba momwe, kuchokera tsiku la opaleshoni mpaka patadutsa tsiku limodzi chiumitsireni komaliza. Nthawi imeneyi imatha kukwana mwezi kapena kuposerapo. Timagalasi topangidwa posachedwapa tili ndi chotchinga china chowonjezera, komabe odwala amauzidwabe kuvala magalasiwo. Kagalasi kakasokonezeka ndi dzuwa, pamafunika opaleshoni ina yokachotsa. Tsono taganizani za mlimi wa kuno, amene amadzuka mbandakucha kupita ku nazale, amasamba panja, amaphikira panja, maliro amakhalira panja. Magalasiwo akasweka ali ku Simlemba, ena akawapeza kuti tsiku lomwelo?

Chachiwiri ndi maulendo. Kupatula opaleshoni ndi maulendo oonedwa monga wodwala wina aliyense, munthu amayenera kubwerera ku makina aja katatu mpaka kasanu, motalikirana masiku ochepa, osaphonya. Tingoyerekeza kuti makinawo ali ku Lilongwe. Kuchoka pa Kasungu boma kufika kumeneko ndi makilomita pafupifupi 130, ndipo ambiri a ife timayamba takwera kabaza kuti tifike pa msewu wa M1. Wodwala maso sayenda yekha, ndiye thiransipoti ndi ya anthu awiri. Ife alangizi timadziwa mmene timavutikira kuti munthu abwerere kuchipatala ulendo umodzi wokha akangoyamba kupeza bwino.

Chachitatu, si aliyense amene amaloledwa kuikidwa kagalasika. Malamulo ake amaletsa anthu amene ali ndi matenda a pakati pa retina, amene maso awo amagwedera osakhazikika, amene mwana wa diso lawo satanuka mokwanira, ndi amene anadwalapo matenda a herpes m'diso. Mashingozi amene anagwira pachipumi n'kulowa m'diso ali m'gulu lomweli, ndipo tonse tikudziwa kuti mashingozi agwira anthu ambiri kuno, makamaka amene chitetezo chawo chinatsikapo. Amaletsanso amene akumwa mankhwala ochititsa thupi kupsa msanga ndi kuwala, monga doxycycline, tetracycline, chloroquine ndi hydrochlorothiazide. Omalizawa ndi timapilitsi tija ta BP timene agogo ambiri amalandira ku zipatala zathu. Agogo a m'nkhani yathuyi nawo amamwa omwewo.

Chachinayi ndi ndalama. Ngakhale ku America komweko, kagalasika kamatengedwa ngati chinthu chapamwamba chongosankha, ndipo wodwala amalipira yekha madola zikwi zingapo pa diso limodzi, pamwamba pa mtengo wa opaleshoni. Timagalasi timene timaikidwa m'zipatala zathu ndi tija tokhazikika.

Nanga phindu lake ndi lalikulu bwanji? Pofuna kukavomereza, anachita kafukufuku pa odwala 600. Patatha miyezi 6, amene anaikidwa kosinthika ankatha kuwerenga, popanda magalasi, pafupifupi mzere umodzi wowonjezera pa tchati chija cha zilembo chimene amapimira maso, poyerekeza ndi amene anaikidwa kagalasi wamba. Kwa munthu woyendetsa galimoto usiku mumzinda, amene sakufuna magalasi, mzere umodzi ndi chinthu. Koma agogo athu aja sankaona ngakhale chilembo chachikulu cha pamwamba peni peni, sankaona ndi tchati chomwe. Chimene chikanawachotsa pamenepo n'kuwafikitsa poona nkhope ya mdzukulu wawo ndi kuchotsa ng'ala n'kuika kagalasi koyera, kaya kosinthika kaya ayi. Maganizo anga ndi akuti kudikira nyengo ziwiri chifukwa cha mzere umodzi kunali kuluza.

Kudikira kuli ndi mtengo wake

Ena amati ng'ala iyambe yakhwima ndiye apite. Langizo limeneli ndi lakale, la nthawi ya magalasi okhuthala ija. Masiku ano ng'ala ikangoyamba kukulepheretsani ntchito zanu, nthawi yakwana. Ng'ala yokhalitsa imalimba, opaleshoni yake imavutirapo. Choopsa kwambiri n'chakuti nthawi zina imafufuma kapena kusungunukira m'kati, n'kukweza mphamvu ya madzi a m'diso. Diso limafiira, limapweteka koopsa mpaka mutu, ndipo mtsempha wa diso ukafa palibe kagalasi ka mtundu uliwonse kamene kangabwezeretse kuona.

Pali mtengo winanso umene sulembedwa m'mabuku a kuchipatala. Wosaona amagwa n'kuthyoka, amapsa pa moto. Amalephera kusiyanitsa mabotolo a mankhwala ake, ndipo kwa munthu amene ali pa ma ARV, pa mankhwala a shuga kapena a BP, zimenezi si zamasewera. M'midzi yathu muli agogo ambiri amene akulera adzukulu okha. Agogo akasiya kuona, mwana mmodzi amasiya sukulu, ndipo kawirikawiri amakhala mtsikana.

Zimene tingachite ndi zimene tili nazo

Ngati cholinga ndi kuona bwino kwambiri ikatha opaleshoni, pali zinthu zimene zili m'manja mwathu. Mukapita kuchipatala musachite manyazi kufunsa ngati diso lanu aliyeza kuti adziwe nambala ya kagalasi. Ndi funso laulemu ndipo dokotala wabwino sakwiya nalo. Tengani buku lanu la kuchipatala ndi mankhwala onse amene mukumwa. Nenani ngati munadwalapo mashingozi kumaso, ngati munavulalapo m'diso, ndiponso ngati munathirapo mankhwala achikuda. Sakukalipirani, akufuna adziwe chimene akakumane nacho. Shuga ndi BP ziyenera kukhala pabwino, apo ayi amakubwezani kuti muyambe mwakonza zimenezo.

Anzathu ena amene ali ndi HIV amaopa kuti akakanidwa kapena kuti bala silipola. Kukhala ndi kachirombo sikuletsa opaleshoni ya ng'ala. Muuzeni dokotala, pitirizani kumwa ma ARV pa nthawi yake ngakhale tsiku la opaleshoni, ndipo tengani okwanira masiku onse amene mukakhale kumeneko. Dokotala amafuna kudziwa kuti aone bwino kumbuyo kwa diso ngati kulibe vuto lina lobisika kuseri kwa ng'ala.

Mukabwerera kunyumba, donthezani mankhwala monga mwauzidwira mpaka masabata onse atakwana, osasiyira panjira poti mwayamba kuona. Sambani m'manja musanagwire kumaso. Osatikita diso, osathiramo madzi a kudambo, mkaka wa m'mawere kapena zitsamba. Masabata oyamba pewani fumbi, utsi ndi kunyamula zolemera. Kwa ife a kuno zikutanthauza kuti musalowe m'chigafa kukasankha fodya, musagwire jeke yodindira mabelo, musakhale pa moto wa balani. Ndiye ngati ng'ala yanu sikupweteka ndipo achipatala akupatsani mwayi wosankha tsiku, miyezi ya pambuyo pa malonda, ntchito ya nazale isanatenthe, ndi yabwino: ndalama ya thiransipoti ilipo ndipo ntchito yachepa. Koma mukamva kuti madokotala a maso abwera pa boma, pitani, fodya akusankhireni ena.

Diso likayamba kupweteka kwambiri, kufiira moonjezera, kutuluka mafinya, kapena kuona kukayamba kubwerera m'mbuyo m'masiku oyambirira, bwererani kuchipatala tsiku lomwelo. Musadikire tsiku limene analemba m'buku.

Ndipo ulendo umene anthu ambiri amauphonya ndi uja wa patatha masabata 6 kapena kuyandikira apo, pamene diso lakhazikika. Pa ulendo umenewu ndi pamene amakuyezani ngati mukufunika magalasi. Ntchito imene makina a ku America aja amagwira ndi kuwala, kuno imagwiridwa tsiku limeneli ndi magalasi ovala. Kagalasi wamba nthawi zambiri amakasankha kuti muzionera patali, choncho powerenga Baibulo, polowetsa ulusi mu singano kapena posankha fodya mudzafuna magalasi owerengera, ndipo amenewa si odula kwambiri. Anthu ena pakatha miyezi kapena zaka amaonanso kachifunga. Sikuti ng'ala yameranso. Ndi kathumba kosunga kagalasi kaja kamene kaderera, ndipo amakayeretsa pa mphindi zochepa ndi makina a laser ku zipatala za maso zimene zili nawo.

Za agogo aja, ndinapempha nambala ya mwana wawo ndipo tinalankhulana madzulo ena ataweruka. Poyamba anandiyankha mokayika, ankaganiza kuti ndikufuna kuwapezera bambo ake zinthu zotchipa. Nditamufotokozera za magalasi otchinga dzuwa ndi za mapilitsi a BP, anakhala chete kanthawi, kenaka anafunsa kuti thiransipoti ya anthu awiri ndi ndalama zingati. Anatumiza sabata yomweyo.

Diso lakumanja anawachita opaleshoni mu Julaye. Nditawayendera patatha masabata awiri anandizindikira ndikadali pa mtengo wa mango wa kumsewu. Mdzukulu uja anali kusukulu. Pa ulendo wa masabata 6 anawalembera magalasi owerengera, ndipo diso lakumanzere anawapatsa tsiku lake. Tsikulo ndinawapeza atavala magalasiwo, atamasula kamtolo ka fodya wotsala amene ana anasankha iwo asakuona, akupatula tsamba limodzilimodzi uku akupukusa mutu.

"Taonani mwana wanga," anatero akundionetsa masamba awiri. "Ili ndi ili anaika pamodzi."